Manzi mu boila: kanthu kang'ono kamene kangakudyereni malipiro a mwezi

Ngati mumauka kuma 05 pa Kanyama, Chawama, Matero kapena George, kukanganirana mpando mu minibasi kuti mukatsegule shopu ya khofi ku Manda Hill, East Park, Arcades kapena Kabulonga, nkhani iyi ni yanu. Naimwe a ku Mtendere na Kalingalinga amene mumangoyenda na mendo kupita ku nchito, sendelani pafupi. Mumadziwa kugaya khofi, mumadziwa kujambula kamtima pamwamba pa cappuccino mpaka kasitomala aikeko chithunzi pa Facebook. Koma chija chimene chili mkati mwa mashini, kuseli kwa nsimbi zowala, ambiri simunachionepo na maso. Dzina lake ni boila, ndipo tsiku limene manzi ake asokonezeka, munthu woyamba kufunsidwa si makanika kapena amene anagulitsa mashini. Ni imwe.

"Wachita chani ku mashini yanga?" Ndiye funso la ba bosi limenelo, ndipo limabwera mau atakwera kale. Mukayankha kuti "kaya, yangoyamba yokha," mwaluza. Mukayankha kuti "pampu ili zii koma manzi akwera mu galasi, nikayikira valavu," nkhani yasintha. Ba bosi bakuonani mwina, makanika afika atanyamula chitsulo choyenera, ndipo palibe wokamba zodula malipiro. Kusiyana kwa mayankho awiriwa ni zinthu zochepa chabe zimene mungaphunzire lero muli pa basi.

Tiyambe na zimene zili mkati. Boila ni chithanki chansimbi chotsekedwa mbali zonse, nthawi zambiri cha kopa kapena stainless steel, chogona chopingasa. Pa mashini ya magrupu awiri, ija imene imapezeka mu mashopu ambiri, boila imalowa malita pakati pa 10 na 14. Pansi pake pali elementi, monga ya mu ketulo koma yaikulu, yodya mawati 3,000 kapena kupitirira. Manzi sayenera kudzaza boila yonse. Amafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo malo otsala pamwamba ni a sitimu. Sitimu imeneyo ndiyo mumafufumitsira mkaka. Geji ya boila ikaonetsa pakati pa 1 na 1.3 bar, manzi ali mkatimo atentha kufika pafupifupi madigiri 120. Kumbukirani kuti kuno ku Lusaka, chifukwa tili pamwamba mamita oposa 1,200, manzi mu poto amawira asanafike ngakhale pa 100. Ndiye a mu boila si manzi osewera nawo. Akakugwerani pa dzanja, khungu lichoka.

Mashini zambiri zimene muona mu tauni zimatsatira nzeru imene kampani ya Faema ya ku Italy inafalitsa mu 1961 na mashini yake ya E61: manzi opangira khofi sachokera mu boila mwenimweni. Amadutsa mu paipi imene inalowetsedwa mkati mwa boila, natenthedwa podutsapo, kenaka pampu imawakankha na presha ya 9 bar kupyola mu khofi. Paipi imeneyo amakanika amaitcha heat exchanger. Isungeni mu mutu, tizabwererako. Mashini zina, monga za La Marzocco, zili na maboila awiri, ina ya khofi ina ya sitimu, koma nkhani ya mulingo wa manzi mu boila ya sitimu ni imodzimodzi.

Manje mashini imadziwa bwanji kuti manzi achepa? Ilibe maso. Ili chabe na kansimbi kowonda monga sipoko ya njinga, kolowa kuchokera pamwamba pa boila, kokutidwa na pulasitiki yoyera ya Teflon kuti kasakhudze thupi la boila. Amakanika amati probe. Kabokosi ka magetsi kamatumiza mphamvu yochepa kwambiri mu kansimbi aka. Manzi akakhudza nsonga yake, mphamvu ija imadutsa mu manzi kufika ku thupi la boila, kabokosi nikudziwa kuti zonse zili bwino. Manzi akatsika kusiya nsonga ija pa mphepo, njira yaduka, kabokosi katsegula valavu ya solenoid nikuyatsa pampu. Ndiye kulira kuja mumamva mukatapa manzi a tiyi: "vuuu" kwa masekondi ochepa, kenaka zii. Chinsinsi chonse ni chimenecho. Kansimbi kamodzi, valavu imodzi, pampu imodzi na kabokosi. Mavuto onse a mulingo wa manzi amachokera pa zinayi izi, kapena pa manzi enieniwo.

Ndipo manzi a mu Lusaka ali na mbiri yawo. Mzinda uno unamangidwa pa mwala wa laimu, dolomite na limestone. Imwe a ku Kanyama simufunika kuuzidwa: mukakumba pang'ono chabe mwagunda mwala, ndipo mainza manzi amasowa kolowera. Miyala ija azimayi amaphwanya mu mbali mwa mseu ni yomweyo. Manzi a pansi akamadutsa mu miyala imeneyi amatenga calcium na magnesium yambiri. Gawo lina la manzi a mu tauni limachokera ku mtsinje wa Kafue kudzera ku Iolanda, koma gawo lalikulu ni la maborehole, a Lusaka Water Supply and Sanitation Company komanso a eni nyumba na eni mamall. Kumwa, manzi a laimu alibe mlandu. Koma yang'anani mkati mwa ketulo ya kunyumba kwanu, muone zoyera zija zokakamira monga choko. Ketulo mumaiyatsa kawiri kapena katatu pa tsiku. Boila imakhala pa moto kuyambira kuseni mpaka usiku, sabata yonse, chaka chonse. Ganizirani mmene mulili mkati mwake ngati palibe chosefa manzi.

Boila ikadzala mopitirira

Ili ndiye vuto limene muzakumana nalo kawirikawiri. Chizindikiro choyamba chimaoneka mu jagi ya mkaka. Mutsegula sitimu, mmalo mwa kuomba kouma kuja, paipi ilavula manzi. Mkaka uchuluka msanga koma thovu kulibe, cappuccino ituluka yamanzimanzi monga tiyi wa pa maliro. Ambiri amathamangira kunena mkaka, ati wa lero si wabwino. Musanautaye, yang'anani kagalasi koonetsa mulingo, ngati mashini yanu ili nako. Manzi akakhala pamwamba penipeni, kapena simuona nkomwe pamene athera, boila yadzala. Geji nayo imachita misala: singano ikwera msanga, mukatsegula sitimu igwa nthawi yomweyo, chifukwa malo a sitimu achepa. Zikafika poipa, valavu yachitetezo ya pamwamba pa boila, imene imatseguka presha ikayandikira 2 bar, iyamba kufwenthera manzi otentha mkati mwa mashini, pamene pali mawaya. Mukaona manzi atuluka pansi pa mashini na sitimu mu mbali, zimani pa switch ya pa khoma, tsekani pompi yolowetsa manzi, ndipo uzani anzanu asendere kutali.

Apa ndiye pofunika khutu lanu. Funso ni limodzi: pamene manzi akwera, pampu ilira kapena ili chete?

Ngati pampu ilira osaleka pamene boila yadzala kale, ndiye kuti kabokosi kaganiza kuti mulibe manzi. Kanamizidwa. Wonama wamkulu mu Lusaka ni laimu. Ikakuta nsonga ya probe, imakhala monga jombo ya mphira, magetsi sadutsa, ndipo mashini ipitiriza kumwa. Nthawi zina ni kawaya ka pamutu pa probe kamene kamasuka kapena kachita nguwe, kapena waya wopita ku thupi la boila. Kukonza kwake sikudula: makanika adikira mashini izizire, atulutsa kansimbi kaja, akapala na kukaviika mu citric acid, nabwezera. Ni nchito yochepa. Munthu akabwera nikuyamba na kukamba zosintha kabokosi konse asanayang'ane probe, ba bosi bafunse kawiri, chifukwa kabokosi ndiko kodula.

Pali bodza lina limene limagwira anthu ochenjera. Ba bosi batopa na laimu, baganiza zogula manzi osefedwa kotheratu, aja a reverse osmosis kapena a distilled a mu batire ya motoka, ati mashini ipumule. Mawa lake boila yasefukira. Chifukwa chake n'chakuti manzi opanda mchere uliwonse sapititsa bwino magetsi. Probe ili mu manzi koma simva kanthu. Mashini ya khofi ifuna manzi apakatikati, osati a laimu yambiri, osatinso opanda kanthu. Ngakhale kukoma kwa khofi kumadalira pamenepo. Bungwe la Specialty Coffee Association linalangizapo manzi okhala na timiyala tosungunuka pafupifupi mamiligramu 150 pa lita. Kamita koyezera zimenezi, ka TDS, n'kakang'ono monga bolopeni, ndipo shopu iliyonse yogulitsa khofi wa ndalama zambiri iyenera kukhala nako mu drowa.

Manje ngati pampu ili chete koma manzi akwerabe, probe ilibe mlandu. Manzi alowa mozemba. Khomo loyamba kukayikira ni valavu ya solenoid. Mkati mwake muli kamphira kamene kamatseka kabowo kakang'ono, ndipo kamchenga kamodzi kapena kachidutswa ka laimu kakakhala pamenepo, valavu sitsekeka bwino. Presha ya mu paipi ya nyumba imakankha manzi pang'onopang'ono, usana na usiku, ngakhale mashini ili yozima. Ndiye chifukwa chake ena mumapeza boila yadzala kuseni pamene madzulo munaisiya bwino. Usiku anthu akagona presha ya mu mapaipi imakwera, ndipo kavalavu kotopa kamagonja. Mungayese nokha popanda sipanala: zimani mashini, tapani manzi otentha mu jagi mpaka mulingo utsike, ikani chizindikiro pa galasi na kaselotepu, siyani pompi yotsegula. Mukabwera patapita ola manzi apitirira chizindikiro, chilipo chidontha. Bwerezani pompi ili yotseka. Akaima pamodzi, mwatsimikiza kuti alowera ku paipi.

Mashini zambiri zilinso na kandodo kapena kabatani kodzazira boila pamanja. Nako kamatha kudontha, makamaka ngati wina anakakankha nikusabwerera bwino. Ndipo pali khomo lachitatu, loipa kupambana onse: heat exchanger ija ikang'ambika, manzi a khofi amathawira mu boila. Chizindikiro chake n'chakuti mulingo ukwera kwambiri pamene muli busy kupanga khofi, chifukwa nthawi iliyonse pampu ikakankha 9 bar, ena apita mu kapu ena mu boila. Ili si vuto la barista, ndipo palibe chimene munachita kuti lichitike. Ni ukalamba wa mashini, ndipo mashini zambiri za mu mashopu ang'onoang'ono zinagulidwa zitasebenza kale kwina.

Boila ikauma

Kudzala kumaononga mkaka na kunyowetsa pansi. Kuuma kumaononga ndalama. Elementi inapangidwa kuti izikhala mu manzi nthawi zonse. Ikakhala pa mphepo ili yoyaka, mphindi zochepa chabe yapsa, monga mmene ketulo imafera mwana akaiyatsa yopanda manzi. Mashini zina zili na kachitetezo kozima moto zikatentha mopitirira, koma musaike chikhulupiriro chanu chonse pamenepo. Ndipo elementi ya mashini ya ku Italy simuzaipeza pa kantemba ku Soweto kapena mu mashopu a ku Kamwala. Nthawi zambiri imaitanitsidwa kunja, ku Johannesburg kapena kutali kupitirira apo, pamene shopu ili chiimire ndipo makasitomala aphunzira njira ya kwa aneba.

Zizindikiro: pompi ya manzi otentha itulutsa sitimu yokhayokha na kutsokomola, galasi ili mbee, kapena tumalaiti twa pa mabatani tuyamba kuphethira tonse pamodzi. Kuphethira kumeneko si ufiti. Kabokosi kali na nthawi imene kanapatsidwa, pa mashini zambiri mphindi imodzi kapena ziwiri. Pampu ikalira nthawi yonseyo manzi osafika pa probe, kabokosi kazima pampu kuti isapse nikuyamba kukuitanani na malaiti. Anzathu ambiri amangozima na kuyatsa, kuzima na kuyatsa, mpaka alamu ileke. Kamodzi n'kololeka, makamaka ngati boila inali yopanda kanthu ndipo ifunika nthawi yambiri kuti idzale. Koma kachitatu, kachinayi, mukupha pampu, chifukwa pampu ya rotary imadalira manzi omwewo kuti isatenthe.

Funso ni lomwe lija, pampu ilira kapena ili chete, koma onjezanipo lina: ku grupu manzi atuluka? Chotsani chogwirira khofi, dinizani batani. Ngati ku grupu nakonso kuli gwa, vuto lili kunja kwa mashini. Pitani ku sinki mukatsegule pompi. Mwina manzi apita, mwina thanki ya pamwamba yatha, mwina wokolopa usiku anatseka valavu ya pansi pa kauntala kapena anapinda paipi pokankha firiji. Musaseke, amakanika ambiri adyapo ndalama ya transport pa kungotsegula pompi. Ngati ku sinki manzi ali bwino, ganizirani fyuluta: ikadzala dothi, manzi amadutsa ochepa monga misozi.

Ngati ku grupu manzi atuluka bwino, pampu ilira, koma boila sidzala, ndiye kuti solenoid sitseguka. Mwina koilo yake yapsa, mwina laimu yatseka kabowo. Mukatchera khutu pamene pampu iyamba, valavu yamoyo imamveka "tha!" kamodzi. Ikakhala chete, muuzeni makanika pa foni, abwere nayo.

Choopsa kwambiri ni pamene zonse zili zii: pampu silira, alamu kulibe, koma manzi atsika. Apa kabokosi kaganiza kuti boila ni yodzala. Zimachitika Teflon ya probe ikang'ambika, kapena waya wake ukasupuka nikukhudza thupi la mashini, kapena zonyowa zikamanga mlatho pakati pa kansimbi na boila. Mashini sizakuchenjezani chifukwa kwa iyo zonse zili bwino. Wochenjeza ni imwe. Mukatapa makapu awiri atatu a manzi otentha osamva pampu iyankha, zimani elementi nthawi yomweyo. Barista wozolowera amadziwa kulira kwa mashini yake monga mmene dalaivala wa basi ya Chawama amamvera injini, ndipo kusowa kwa phokoso kumamudzidzimutsa kuposa phokoso.

Galasi nayo ingakunamizeni. Timapaipi twake tuwiri tukatsekeka na laimu, manzi a mu galasi amangoima pamodzi ngakhale boila ikwere kapena itsike. Galasi yamoyo imavina pang'ono mukatsegula sitimu kapena kutapa manzi. Imene yaima njii sabata yonse ni chithunzi chabe.

Malaiti na manzi akamapita

Mabuku a mashini izi analembedwa ku Milan na Florence, kumene sanaganizire za 2024, chaka chimene chilala chinatsitsa manzi ku Kariba mpaka makomboni na mashopu kumakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda malaiti. Ndiye pali zina zimene buku silizakuuzani.

Malaiti akapita, pampu ya borehole na ija yokankha manzi kuchoka mu thanki nazo zimaima. Jenseti ikalira, mashini ya khofi iyaka, koma nthawi zina pampu ya manzi a nyumba yonse siili pa jenseti. Mashini ili na moto, manzi kulibe: njira yachidule yopita ku elementi yakupsa. Musanayatse, yambani mwaona ku sinki. Ndipo ngati switch ya mashini yanu ili na 0, 1 na 2, dziwani kuti pa mashini zambiri 1 imayatsa pampu na kabokosi chabe, 2 ndiye iyatsa elementi. Ikani pa 1, dikirani pampu ikhale chete, onani galasi, kenaka pitani pa 2. Kudumpha kuchoka pa 0 kufika pa 2 chifukwa kasitomala wayang'ana wotchi ni chizolowezi chimene chadyetsa ambiri ndalama.

Manzi akabwerera atapita maola angapo, mukudziwa mmene amabwerera: pompi itsokomola, ituluka mphepo, kenaka manzi ofiira a dothi. Kunyumba mumadikira ayere musanatape a nsima. Chitani chimodzimodzi na mashini. Manzi akapita, tsekani valavu ya mashini. Akabwera, tsegulani ku sinki mpaka ayere, ndiye mutsegulire mashini. Kamchenga kaja kokakamira mu solenoid nthawi zambiri kamalowa tsiku lotere.

Ena, manzi akavuta, amaika paipi ya mashini mu chigubu cha malita 20. Zimasebenza pa mashini zambiri, pampu imakoka. Koma chigubu chifuna munthu wochiyang'ana, chifukwa chikatha pampu ikoka mphepo. Chikhale chotsuka, chovundikira, ndipo manzi ake akhale odziwika kumene achokera. Pambuyo pa kolera ya 2017 mpaka 2018, na ija ya 2023 mpaka 2024 imene inasandutsa Heroes Stadium kukhala chipatala, palibe wa ku Kanyama kapena George amene afunika kuphunzitsidwa za manzi a mu chitsime chosaya. Boila ipha tizilombo, inde, koma manzi omwewo mumatsukira majagi na makapu.

Palinso kavalavu kena kakang'ono pamwamba pa boila kamene kuzima-zima kwa malaiti kumakatopetsa. Nchito yake ni kulowetsa mphepo boila ikamazizira, na kutseka ikayamba kuwira. Ni kaja kamachita "tsss" kuseni kenaka nikukhala chete. Kakakakamira chotseka, boila pozizira imayamba kukoka monga munthu wokoka Maheu na kapaipi. Ingakoke manzi kupyola mu valavu yotopa, mupeze yadzala. Ingakokenso mkaka, ngati munasiya paipi ya sitimu yoviika mu jagi. Mkaka ukalowa mu boila, sitimu inunkha monga chikopa chowola ndipo boila yonse ifunika kutsukidwa. Paipi ya sitimu isagone mu jagi, ngakhale ya manzi.

Laimu yokha ili na mankhwala odziwika. Pansi pa kauntala pa mashopu ambiri pali chibotolo chansimbi cha malita 8 kapena 12, softener. Mkati muli timikanda timene timagwira laimu, ndipo tikakhuta timafunika kutsukidwa na mchere wamiyala, uja wa magulu akuluakulu. Funsani lero kuti inathiridwa liti mchere komaliza. Mukamva "kuyambira pamene tinatsegula shopu," dziwani kuti chibotolocho changokhala chokongoletsa. Ngati ni fyuluta ya katiriji, lembani deti pa thupi lake na maka tsiku loika. Ndipo tsiku lililonse tapani manzi otentha lita imodzi kapena awiri kuti mu boila mulowe atsopano. Sitimu ikamatuluka imasiya laimu yonse kumbuyo, ndiye boila imene imangopereka sitimu osatapidwa manzi imakhala monga poto ya kapenta imene mwaiwala pa mbaula: msuzi uchepa, mchere uchuluka.

Pamene manja anu ayenera kulekezera

Kumvetsera, kuyang'ana galasi, kutseka pompi, kuzima switch, kuthira mchere, zonsezi ni zanu. Kutsegula mbali za mashini si kwanu, pokhapokha ngati munaphunzira. Mkatimo muli magetsi a 230 volts, pa mashini zina zazikulu three phase, pafupi na mapaipi onyowa. Kumasula probe boila ili na presha kuli monga kutsegula radiator ya basi yotentha nkhope ili pamwamba. Geji iyenera kukhala pa 0, paipi ya sitimu yotsegula, pulagi yozula. Ndipo munthu aliyense, kaya ni makanika wa dzina, akakamba zomanga valavu yachitetezo na waya kapena kuitseka na bauti kuti ileke kudontha, mukanizeni pamaso pa ba bosi. Valavu imeneyo ndiyo iletsa boila kuphulika, ndipo woimirira patsogolo pake maola asanu na atatu ni imwe.

Gulani kabuku kazikhala pafupi na mashini. Lembani deti, zimene mwaona, amene mwauza. "Pa 12, sitimu yonyowa, nauza ba manija." "Pa 15, softener ifunika mchere, nauza ba bosi." Zioneka monga za kusukulu, koma tsiku limene elementi yapsa ndipo wina afuna kuidula pa malipiro anu, kabuku ako kazakamba mmalo mwanu. Lamulo la nchito, Employment Code Act ya 2019, silipatsa bwana ufulu wongodula malipiro mmene afunira pa katundu woonongeka, ndipo musasaine pepala lovomera mlandu musanamvetse chimene chinapha mashini. Mukapsa na sitimu pa nchito, ikani dzanja pa manzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati Colgate kapena mafuta ophikira, pitani ku kiliniki, ndipo nkhaniyo ilembedwe, chifukwa Workers' Compensation Fund Control Board imayendera mapepala.

Kwa imwe amene mitima yanu yakopeka na mawaya kuposa mkaka, pali mpata apa. Zambia imalima khofi wabwino, ku Munali kufupi na Mazabuka komanso ku minda ya ku Kasama na Mbala, ndipo mashopu omwera khofi achuluka mu mamall, mu malodge na mu mafilling station. Mashini iliyonse mwa izi imamwa manzi a laimu omwewa. Amene amadziwa kukonza mafiriji na masitovu ni ambiri mu komboni iliyonse, koma wodziwa probe na solenoid ni wosowa. Kosi ya zamagetsi yovomerezeka na TEVETA, monga za ku Lusaka Business and Technical College imene akuluakulu amaitchabe Lusaka Trades, ikupatsani maziko. Zotsala muzaphunzira mukaima pafupi na makanika tsiku limene abwera ku shopu kwanu. Mupangireni kapu ya khofi, mugwirireni tochi, ndipo akatulutsa kansimbi kaja mu boila mupempheni akuonetseni nsonga yake asanaipale.